Chitini cha Pamwamba pa Kabati

Lachiwiri, 16 Julayi 2024

Ndikulemba mu kope langa la maphikidwe, kumapeto kumene kunatsala masamba. Ndi lokhalo limene linali m'thumba la epuloni pamene amandinyamula dzulo. Ndikapanda kulemba ndiiwala zimene a dokotala akunena, ndipo amuna anga a Fletcher akamva mawu khumi amafika kunyumba ndi atatu.

Dzulo m'mawa ndinagwa m'khitchini ya loji ku Kande, kumene ndaphika zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri chichokereni kwathu ku Ntcheu. Ndinali kukazinga mazira a alendo. Ndinangoona mdima m'maso, kenako ndinasanza zakuda ngati nsenga za khofi. Ndinatsitsimuka ndili kuno kuchipatala, diripi ili padzanja.

Magazi: 5.8. Nesi wathu, a Patience, akuti munthu wamayi amafunika 12 kapena kuposa apo. Ndiye kuti ndakhala ndikusenza madzi, kukanda buledi ndi kukalipira ogulitsa nsomba ndi theka la magazi. Thupi la munthu ndi lopirira, abale.

Sakundilola kudya. Jakisoni wa m'mimba m'mawa ndi madzulo. Gadiyani wanga ndi alamu anga a Margaret, alongo awo a Fletcher.

Lachitatu, 17 Julayi

Magazi abwera pa ambulansi kuchokera ku boma. A Patience ndi mnzawo anawerenga manambala mosinthana, wina papepala wina pakathumba, kenako anakapachika. Ndakayang'ana maola anayi, dontho ndi dontho. Kwinakwake kuli munthu amene sindimudziwa, nayenso sandidziwa, amene tsiku lina anapinda malaya nkupereka mkono, ndipo lero akuyenda m'mitsempha mwanga. Zala zanga zimene zinali zoyera ngati chinangwa chosenda zayamba kubwerera mtundu. Ndinalira pang'ono.

Pabedi loyandikana nane pali a Lyness a ku Usisya, ogulitsa usipa. Anabwera paboti ndi bala la shuga kuphazi. Pakamwa pawo pokha sipadwala.

"Mama, mupemphere asakhale magazi a chidakwa," anatero. "Mungatuluke muno mukufunsa kumene akutcheza kachasu."

Ndinaseka mpaka m'mimba munandibaya.

A dokotala anafika cha m'ma 10. Anakhala pampando, zimene zinandiuza kuti nkhani ndi yaitali.

"Mayi, mwakhala mukumwa chiyani?"

"Tiyi basi."

"Ndikunena mankhwala."

"A msana. Apinki aja, ndi ena oyera ataliatali."

"Dzina lake?"

Dzina sindinkalidziwa.

"Anakupatsani ndani?"

Apa ndiye ndinaulula za chitini. Alendo akamachoka paloji amasiya zinthu: sopo, masilipasi, mabuku, ndi mankhwala. Anzanga amalimbirana masilipasi, ine ndinkatola mankhwala. Mapepala ake anali a Chijeremani ndi zinenero zina zosawerengeka, ndiye ndinkataya chifukwa ankangodya malo. Mapiritsi ndinkawatulutsa m'mapaketi nkuthira onse m'chitini cha mabisiketi. Otsala a a Fletcher, otsala a malemu apongozi anga, onse momwemo. Ndinkawadziwa ndi mtundu: oyera a mutu, apinki a msana, achikasu a malungo. Mudzi wonse unkagogoda pakhomo panga, ndipo ankanditcha a nesi a ku Ntcheu. Ndisaname, dzinalo linkandikoma. Mwana wanga Fyness ali wamng'ono ndinkamumangira mapiritsi awiri pansonga ya chitenje nkumutuma kwa wodwala. Ndinamuphunzitsa mfundo yanga yapadera, yosamasuka ngakhale mwana athamange.

A dokotala anamvetsera zonse osandidula. Akuti mapiritsi a ululu amene ndamwa miyezi isanu, nthawi zambiri m'mimba mulibe kanthu, andikumba chilonda, ndipo chilondacho chakhala chikudontha magazi mwakachetechete. Kanthu kochepa ngati nyemba kuboola munthu wamkulu ngati ine! Ine Dorothy, amene sindithira mchere mu supu osalawa, amene ndimayeza yisiti ndi kasupuni, ndinkameza zinthu zopanda dzina. Safunsa adadya phula.

"Chitinicho chibwere kuno," anatero a dokotala. "Kunyumba kuli ana?"

"Mdzukulu, Eliza, wa zaka ziwiri. Koma chili pamwamba pa kabati."

"Ana amakula, mipando imakokeka. Komanso si ana okha."

Sindinafunse kuti akutanthauza chiyani. Ndauza a Margaret aimbire foni alongo awo kuti achotse mankhwala ali m'nyumba.

Lachinayi, 18 Julayi

Magazi: 6.9. Kathumba kachiwiri lero. Andilola phala lamadzimadzi, masupuni asanu ndi limodzi. Linali lopanda mchere, lopanda shuga, koma sindinadyepo chakudya chokoma chonchi.

A Fletcher afika masana, thalauzi lili fumbi mpaka m'mawondo. Iwo ndi okonza maboti komanso mkulu wa mpingo, munthu woyenda ndi kolala yoyera ngakhale akupita kodula matabwa. Anakhala m'mphepete mwa bedi nkutsitsa mawu.

"Anyina Fyness, tafufuza ponse. Palivi."

"Palibe bwanji?"

"Takumba pakhomo, takumba kuseri kwa bafa, pansi pa mtengo wa mango. Musadandaule, abusa sakudziwa. Ndinangoitana akulu anzanga awiri, tinapemphera kaye. Tapeza mbedza yadzimbiri ndi supuni yanu ija inasowa."

Ndinawayang'ana. Iwo anandiyang'ana. A Lyness anaphulika kuseka mpaka anagwetsa kapu.

Atamva kuti achotse mankhwala ali m'nyumba, amuna anga anaganiza kuti wina wansanje paloji anandikwiririra zinthu pakhomo. Amuna atatu aimvi, Baibulo m'khwapa, makasu m'manja, kugumula khonde langa lomwe ndinazira sabata yatha! Nditawafotokozera za chitini anagwira pakamwa, ndipo akuti achitenga mawa.

Atapita ndinakhala ndikuliganizira liwu limeneli. Chochiza timati mankhwala. Chophera makoswe timati mankhwala. Chokwirira pakhomo la mnzako timatinso mankhwala. Kale ndinkaona ngati chinenero chathu chinasowa mawu. Lero ndikuona kuti amene anatchula ankadziwa chimene akuchita: ndi chinthu chimodzi, chimangotengera dzanja limene chagweramo. Zandichititsa nthumanzi.

Ndinafunsa za Fyness. Akuti ali m'chipinda, mutu ukumuwawa. Zikundipweteka pang'ono kuti sanabwere kudzandiona, koma sindimuimba mlandu. Mwamuna wake Kelvin anapita ku Joni zaka ziwiri zapitazo, ndipo mu Malichi Fyness anaona pafoni zithunzi za mkazi wina atanyamula khanda lofanana ndi Kelvin mphuno. Anabwerera kwathu ndi Eliza ndi sutikesi imene anagulira ulendo wa ku Joni. Anasiya kwaya, anasiya kudya ndi anthu. Koma masabata awiri apitawa wasintha. Wachapa zovala zonse za mwana, yunifomu ya kwaya ndi nsapato za paukwati wapatsa msuweni wake, ndipo akumuzoloweza Eliza kugona ndi ine. Ndikuthokoza Mulungu kuti mtima wake wayamba kukhala pansi.

Lachisanu, 19 Julayi

Magazi: 8.0. Diripi yamadzi ikadalipo. Ndayenda ndekha mpaka kubafa, nditagwira khoma. Miyendo inakumbukira yokha.

Kwabwera amayi asanu ndi atatu a Umanyano, gulu la amayi la kumpingo kwathu, mabulauzi oyera mbee. Anabweretsa kondowole, nsima ya chinangwa, ndi nsomba ya batala yootcha, zimene sindingadye. A Lyness anandithandiza, ndipo a Patience atawapeza anawakalipira chifukwa cha shuga wawo.

Koma panali china chake. Palibe amene anandiyang'ana m'maso. Anaimba nyimbo yapansipansi, yoimba pamene munthu wabwerera kumpingo atagwa. Mtsogoleri wawo, a Hellen, anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Ama, mavuto timauzana," anatero. "Moyo ngwa Chiuta. Sitiubweza tokha."

Ndinati yewu, kuthokoza kwa kuno, ndili odabwa. Atatuluka, a Lyness anasendera.

"Mama, simunamve? Akuti munamwa mankhwala."

"Ee, ndinamwadi."

"Ayi mama. Munamwa mankhwala."

Mawu omwewo, koma kachiwirika ndinawamva. Ndinaitana a Margaret. Anavomera kuti Lachitatu anaimbira anthu a ku Kande nkunena kuti a dokotala akuti ndi mankhwala amene ndinamwa. Sananame. Koma mawu atakwera minibasi anafika atavala zina, ndipo pano Kande yense akudziwa kuti Dorothy anafuna kudzipha. Ine! Ndinapsa mtima mpaka bipi inakwera, a Patience anachita kubwereza kuyeza.

Cha m'ma 4 a Fletcher anaimba. Akuti pamwamba pa kabati palibe chitini. Ndawauza kuti iwo sangapeze mchere ngakhale uli m'manja mwawo, akayang'anenso bwino mawa.

Loweruka, 20 Julayi

Ndilemba zonse, ngakhale dzanja likane.

Fyness anafika m'mawa, yekha. Aka nkoyamba kutuluka pakhomo chiyambire Meyi. Ndinaona m'mene waondera: makolala a m'khosi ali pamtunda, chitenje chake chobiriwira chija chazungulira kawiri. Kodi maso anga anali kuti masiku onsewa? Anakhala pansi pambali pa bedi. A Margaret anatuluka kukatsuka mbale.

Sanandifunse kuti ndadzuka bwanji. Anayang'ana diripi, anayang'ana dzanja langa, kenako anati:

"Ama, inunso?"

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiyambe kulalata za miseche ya ku Kande. Mawu anali okonzeka, otentha. Koma kamchira ka liwu lake kanandiimitsa. Sanati "inu". Anati "inunso".

Zonse zinabwera pamodzi. Yunifomu. Nsapato. Eliza kugona ndi ine. Chimene ndinkathokozera Mulungu chinali kutsanzika.

"Fyness, chitini chili kuti?"

"Musutikesi mwanga."

"Chiyambire liti?"

"Lachitatu. Ada ankakumba panja, koma ine ndinadziwa chimene mukunena."

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinamufunsa mosazungulira, ngati ndikufunsa mtengo wa tomato: "Ukuganiza zodzipha?"

"Ee, ama."

Liwu lalifupi choncho, ndipo denga silinagwe. Kunja wina ankagulitsa nthochi. Mwana wanga anayamba kulankhula, mawu amene anasunga miyezi inayi. Akuti ankadziona ngati katundu wobwezedwa kusitolo. Akuti ankaganiza kuti Eliza akula bwino ndi ine kusiyana ndi mayi amene anthu amamuloza. Akuti ankaganiza kuti dziko lonse ndi yekha amene ali ndi maganizo otere, ndiye atamva kuti inenso, mayi wolimba wokalipira aliyense, ndinachita zimenezo, anafuna andione kaye.

"Komanso ndawaona ada akulira kuseri kwa boti," anatero. "Eliza akukufunani chipinda ndi chipinda, akusuzumira pansi pa bedi. Ndaona m'mene nyumba imakhalira munthu akachokamo."

Ndinayesedwa kunama, kuti ndimusiye aziganiza kuti tili awiri. Koma ndinamuuza zoona: kuti wanga unali msana ndi uchitsiru basi. Manyazi anamugwira, anafuna kuimirira. Ndinamugwira mkono ndi dzanja la diripi lomwelo, mwamphamvu mpaka magazi anabwerera m'kachubu.

"Suchoka," ndinatero. "Wandiuza, ndamva, ndipo sindikukalipira. Khala."

A Lyness anamva zonse. Anatsika pabedi, nkuyenda motsimphina ndi phazi lawo la bandeji mpaka kukaitana nesi.

A Patience sanadzidzimuke, sanalalikire. Anangoti, "Achemwali, tiyeni tikacheze," nkupita naye m'kachipinda. Anakhalamo ola lathunthu. Atabwerako anandiuza kuti ndinachita bwino kufunsa molunjika, chifukwa kufunsa sikuika maganizo mwa munthu, kumangomutsegulira pakamwa.

"Mayi, maganizo amenewa ali ngati mwera," anatero. "Amawomba kwambiri, kenako amatsika. Asodzi saletsa mwera, amangokokera maboti kumtunda. Chimene chimatenga munthu ndi chimene chili pafupi ndi dzanja pa ola loipalo. Ntchito yathu ndi kutalikitsa, kwinaku tikumuthandiza."

Tagwirizana kuti Fyness asakhale yekha. Akhala kuno ngati gadiyani wanga. A Margaret apita ku Kande kukasamala Eliza. A Fletcher abweretse sutikesi yonse osatsegula. Ndinawaimbira ndekha, ndipo ulendo uno ndinatchula liwu ndi liwu.

Ndinawauza dzulo kuti akayang'ane mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndinatsala pang'ono kulinda chinthu chimene sindingachilembe.

Lamulungu, 21 Julayi

Magazi: 8.3. Diripi achotsa. Mapiritsi a chilonda, limodzi m'mawa ndisanadye, lina madzulo. Ndafunsa dzina lake, omepurazo, ndipo ndalilemba.

A Fletcher ajomba kutchalitchi, zimene sizinachitikepo chiyambire ukwati wathu. Alowa m'wodi atasenza sutikesi pamutu ngati mayi. M'dzanja anali ndi jumbo: mankhwala a makoswe a kuseri kwa chitseko, othira m'chimanga, ndi palafini amene ndinkasunga m'botolo la zakumwa pansi pa tebulo, pamene Eliza amaseweretsa zidole. Palibe anawatuma zimenezo. Anapereka zonse kwa a Patience.

Kenako anaima patsogolo pa Fyness. Munthu amene amapemphera mphindi makumi awiri osapuma anangoti, "Mwana wangu," nkumuika dzanja pamutu, ndipo dzanjalo linakhala pamenepo mpaka belu lotulutsa alendo.

Lolemba, 22 Julayi

Andiyendetsa pa njinga ya odwala mpaka kumene amagawira mankhwala. Fyness ndiye amakankha. Amene amayang'anira kumeneko, a Lyson, anatsegula chitini nkukhuthulira pathireyi. Phokoso lake linali ngati mpunga ukugwera m'beseni.

Anavala magalasi nkuyamba kusankha ndi kamtengo. Oyera aja ndinkati a mutu anawagawa milu isanu. Ena a mtima. Ena a shuga. Ena ogonetsa. Ena akuti sakuwadziwa nkomwe, m'dziko muno mulibe. Kabotolo kena kanatha mphamvu Fyness ali ku pulayimale.

"Mayi, awa mumapatsa anthu?"

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

Anavula magalasi nkundiyang'ana. Ine ndinayang'ana milu ija nkumaona nkhope: amayi oyembekezera, nkhalamba, asodzi opita pamadzi atamwa piritsi langa loyera. Palibe amene ndikudziwa kuti anafa. Si nzeru zanga zimenezo. Pali dzanja limene linkalowa m'chitini muja limodzi ndi langa, ndipo ndikaliganizira ndikuchita mantha ndi kuthokoza nthawi imodzi.

Zimene a Lyson anena, ndalemba kuti a Fletcher asataye zisanu ndi ziwiri:

Mankhwala azikhala m'paketi yake, ndi dzina lake ndi la mwini wake. Azikhala motsekedwa ndi loko, osati pamwamba chabe. M'nyumba muzikhala ochepa, ongokwanira matenda amene alipo. Otsala ndi otha mphamvu azibwera kuno, osataya kudzala kumene ana amatola. A makoswe ndi a kumunda atsekeredwe kwina, kunja kwa nyumba, ndipo asathiridwe m'botolo la zakumwa. Wina akamwa chosayenera, osamusanzitsa, osadikira, kuthamangira kuno ndi paketi yake.

Pomaliza anafunsa, "Ndi onse amenewa? Palibe otsala kwina?"

Ndinati ndi onse. Fyness ankayang'ana pawindo.

Masana waonana ndi a dokotala a matenda a maganizo. Sindinkadziwa kuti maganizo nawo ali ndi dokotala wake, ngati mano kapena maso. Akuti chimene chamugwira ndi matenda, ali ndi dzina, ndipo anthu amachira. Azibwera Lachinayi lililonse. Wadya theka la mbale ya mpunga.

Lachiwiri, 23 Julayi

Magazi: 8.9. Akuti mawa ndituluka. Mapiritsi a ululu aja ndisadzawayandikirenso, msana aziuona kuno. Andipatsa owonjezera magazi, ofiira, osalala, enieni maswiti m'maso mwa mwana. A Patience akuti amenewa ndiye oopsa kwa Eliza.

A Fletcher abwera ndi bokosi. Alipanga usiku ndi usana ndi thabwa la mlombwa lotsala paboti, mahinjesi awiri, loko watsopano. Akuti akalikhomera kukhoma m'chipinda chathu. A Lyness analigogoda nkunena kuti likhoza kuwoloka mpaka ku Likoma osalowa madzi.

Tinayamba kukangana za kiyi, ine ndikuti ndiisunge, iwo akuti ine ndi amene ndinayambitsa zonsezi. Fyness anatidula.

"Isakhale ndi ine," anatero. "Ndipo musandiuze pamene ili, ngakhale ndikufunseni bwino."

Ndaona anthu olimba mtima m'moyo mwanga, asodzi obwerera pamwera, amayi obereka m'boti. Koma munthu kudzitsekera yekha chitseko chonchi, pamaso pa makolo ake, sindinaonepo. Fyness atatuluka panja, kiyi inapita m'khosi mwa a Fletcher, pachingwe cha ukonde, m'kati mwa malaya.

Anthu akadzagogoda kufuna a nesi a ku Ntcheu, ndidzawauza kuti anapuma ntchito.

Lachitatu, 24 Julayi

Ndikulemba nditakhala pabenchi panja, tikudikira minibasi.

M'mawa Fyness anandisambitsa, nkundipesa tsitsi. Katundu anali atamangidwa kale. A Lyness anali atandilonjeza usipa wa ku Usisya ndi kundilamula kuti ndisadzabwerenso. Ndinkafuna kuimirira pamene Fyness anati, "Ama, dikirani."

Anakhala pabedi. Anakoka nsonga ya chitenje chake chobiriwira, imene inali yopisidwa m'chiuno masiku onsewa, nkuiika pamwendo panga. Panali mfundo, yaing'ono, yolimba, yakuda ndi thukuta.

"Awa ndinapatula kale, chitini chisanasowe," anatero. "Ndagona nawo pansi pa bedi lanu masiku anayi. A Lyson atafunsa ndinalephera. Ndayesa kumasula ndekha m'bafa, zala zikukana."

Ndinaiyang'ana mfundoyo ndipo ndinaidziwa. Kuzunguliza kawiri, kupisa pansi, kukoka. Yosamasuka ngakhale mwana athamange. Ndine ndinamuphunzitsa, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, pakhonde lomwe lija akumba bambo ake.

Zikhadabo zanga zinalephera. Ndinachita kugwiritsa mano. Sindinawerenge zimene zinali m'katimo, ndipo sindikufuna kudziwa. Ndinazifumbata, Fyness anafumbata dzanja langa, ndipo tinayenda choncho tonse awiri mpaka patebulo la a Patience. Iwo anatambasula chikhatho, nkunena kuti, "Zikomo, achemwali. Lachinayi ndikudikirani."

Sindikudzinamiza kuti zatha. Mwera udzawombanso, a dokotala anena. Koma ndinagwa ndi mazira m'manja, mlamu wanga analankhula mawu osakwanira, mudzi unamva molakwika, ndipo bodza limenelo ndi limene linatulutsa mwana wanga m'chipinda kudzandifunsa funso. Ndayesa kuzimvetsa, zandikulira.

A Fletcher afika ndi Eliza pageti. Ine ndinatambasula manja, poti anamuzoloweza ine. Mwanayo anandidutsa ngati sakundidziwa, nkukakumbatira miyendo ya mayi ake.

Fyness anavula chitenje chija m'chiuno nkuchikung'untha. Nsonga imodzi ikadali yokwinyika, mwina sidzawongokanso. Anawerama, anamuponya Eliza kumsana, nakoka nsonga zonse ziwiri kudzamanga pachifuwa. Ndinayang'ana zala zake. Anazunguliza kawiri, anapisa pansi, nakoka.